Pulagi ya oyilo ya Mini ya 1971 yomwe inkangozungulira osatuluka: mmene tinaichotsera n'kukonza mazinga ake

Galimotoyi inabwera pa galaja Lolemba m'mawa ikuyenda yokha bwinobwino, Mini 1000 ya 1971, yobiriwira, ya madala ena opuma pa ntchito ya uphunzitsi omwe amaisamala ngati mwana wakhanda. Amati anaigula kalekale akadali mnyamata kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo, ndipo Loweruka la sabata yomweyo imayenera kunyamula mdzukulu wawo wamkazi kuchoka kutchalitchi kupita kuholo, nde atangotsika anati "amisiri, mungondisinthira oyilo basi, zinazo zili bwino." Ine ndinawauza kuti akhale pabenchi amwe tiyi, theka la ola tikhala tamaliza. Galimotoyo inachoka pa galaja Lachisanu masana.

Kwa amene simunagwirepo Mini yakale pali chinthu choti mudziwe kaye, apo ayi simumvetsa chifukwa chomwe munthu wamkulu ngati ine ndinathera masiku onsewo pa kabawuti kamodzi. Galimotoyi inatuluka koyamba mu 1959, ndipo Alec Issigonis amene anaijambula ku kampani ya magalimoto ya BMC ankafuna kuti injini idye malo ochepa kwambiri, nde anaigoneka mopingasa kenako giyabokosi n'kuiika pansi pa injini, paja magalimoto ena pamakhala sampu, beseni losungira oyilo, paja. Ndiye kuti Mini ilibe sampu yamalata ija timangoimasula n'kukaisiya kwa owotcherera kapena kugula ina yakale. Sampu yake ndi giyabokosi yomweyo, ya aluminiyamu, ndipo oyilo wake ndi mmodzi, yemweyo akuzungulira mu injini yemweyonso akusambitsa magiya ndi difu. Pulagi ndi yachitsulo, imalowa cham'mbali kumanja kwa kesi ya giyabokosiyo, mazinga ake, timizere tozungulira tomwe imamangira, ndi 5/8 UNC kutanthauza mazinga 11 pa inchi imodzi, mutu wake ndi wa sipanala ya 15/16, ndipo kunsonga kwake kuli maginito otola tizitsulo tochokera ku magiya. Ukaononga bowo limenelo moti silingakonzekenso lili pompo, ntchito yake ndi kutulutsa injini yonse pamodzi ndi giyabokosi, kuzilekanitsa, n'kuyamba kusaka kesi ina, ndipo kesi ya Mini sungaipeze pamsika ngati ya Corolla.

Titaikweza n'kuika masitandi ndinalowa pansi ndi tochi, ndipo chomwe ndinaona chinandiuziratu kuti tiyi wa madala aja azizira. Mutu wa pulagi unalibe kona ngakhale imodzi, unali utangotsala wozungulira ngati batani la jasi, mano a bobojani akuonekera mbali zonse, pena panali zipsera za tchizulo. Kuzungulira khosi lake wina anali atamata guluu wa Pratley wambiri yemwe anauma n'kuda ndi fumbi, ndipo nditakanda ndi sikuludiraiva panatulukanso timaulusi toyera ta tepi ija amamangira mipope yamadzi. Ndinatuluka n'kuwafunsa kuti "madala, oyilo anasinthidwa liti komaliza?" Anayamba azungulira kaye, kenako anaulula kuti papita zaka ngati zitatu akungothira pamwamba akachepa, chifukwa makaniko amene anaigwira komaliza anawauza kuti pulagiyo asadzaikhudzenso wina aliyense. Dipusitiki inavomerezana nawo, oyilo anali wakuda bii, wonunkha petulo.

Mmene zimayambira n'zodziwika ndipo ndaziona kambiri ngakhale pa magalimoto atsopano. Chomwe chimatseka oyilo si mazinga ayi, ndi washala yakopa ija imakhala pakati pa mutu wa pulagi ndi kesi. Kopa ikafinyidwa kamodzi imauma, ukaibwezeretsa kachiwiri, kachitatu, imayamba kudontheza, nde munthu akaona dontho amangoti sinamange n'kuwonjezera mphamvu, sevisi yotsatira awonjezeranso, mpaka tsiku lina sipanala imangofewa m'manja. Chitsulo ndi aluminiyamu zikalimbana wogonja amadziwika kale. Pulagi imeneyi imafuna 25 lb ft basi, pafupifupi 34 Nm, mphamvu ya dzanja limodzi pa sipanala yaifupi, koma anthu amaikoka ndi paipi ngati akumanga nati ya tayala la lole. Mutu nawo umathera pa nkhani ya masipanala: 15/16 ndi 23.8 mm, nde amene alibe masipanala a mainchi amatenga 24, imalowa inde koma imagwedera pang'ono, ikakhala ya makona 12 komanso yotha imangodya nsonga za mutu, wina abwere ndi shifitingi, womaliza ndi bobojani.

Ndinawafotokozera madala aja zinthu zake osabisa. Ndinati titha kuyamwa oyilo kudzera pa bowo la dipusitiki n'kuthira watsopano, ukwati uchitike, koma matope apansi atsala komanso maginito aja sitiona chomwe atola zaka zitatu zonsezi, ndiponso Pratley ameneyo tsiku lina adzataya ntchito muli pa msewu wa Zomba oyilo yense n'kuthera pa tala, injini ndi giyabokosi kufa tsiku limodzi. Kapena tiichotse, koma mudziwe kuti mwina mazinga atuluka nayo limodzi ndipo sindikulonjeza za Loweruka. Anakhala chete kaye akuyang'ana galimoto yawo, kenako anati "chotsani amisiri, zikakanika mkwatibwi akwera ya amalume ake."

Poyamba ndinayesa zosavuta. Tinatsuka malo onse ndi parafini ndi bulashi yawaya, ndinagoba Pratley yense ndi kampeni pang'onopang'ono kuti mutu utuluke wonse, kenako vaisigiripi yaikulu, kuimanga mpaka zala kuwawa. Inangopala chitsulo n'kuterereka. Ndinapala mbali ziwiri za mutu ndi tupa kuti zikhale zafulati sipanala yotsegula igwire, koma mutu wa pulagi imeneyi ndi waufupi, sipanala imangokwera n'kudumpha. Mnyamata wanga wa pa galaja anati "bwana, bwanji tikhomerere soketi ya 22 ndi hamala?" ndipo kunena zoona pa galimoto ya sampu yachitsulo ndikanatero osaganiza kawiri, ndi njira yabwino ndithu. Apa ndinakana, chifukwa nkhonya iliyonse ya hamala imakathera pa mazinga omwe akudwala kale, komanso kesi ya aluminiyamu yazaka zoposa 50 imatha kung'aluka osakuchenjeza. Tchizulo nayonso ndinaikana pa chifukwa chomwecho. Pulagi ndi yotchipa, iphwanyike mmene ingaphwanyikire, chomwe ndimateteza ine chinali kesi.

Nde tinagwirizana zowotcherera nati pamutu. Magetsi anali atathima kuyambira m'mawa, tinadikira mpaka cha m'ma 3 koloko masana, ndipo nthawi imeneyo tinaigwiritsa ntchito pokonzekera chifukwa kuwotcherera pansi pa galimoto yonona ndi oyilo si masewera. Batire la Mini lili kubuti, pafupi ndi thanki ya petulo, tinalimasula mawaya onse awiri. Tinapukuta oyilo yense wakunja mpaka kesi kuuma, paipi ya petulo ndi marabala apafupi tinaphimba ndi chiguduli chonyowa ndi kachidutswa ka lata, mnyamata anaima pambali ndi chozimitsira moto komanso ndowa ya mchenga. Oyilo wam'kati tinamusiya dala, amathandiza kumwa kutentha. Ndinapala pamwamba pa mutu ndi girayinda yaing'ono mpaka chitsulo kuwala, n'kutenga nati yaikulu ya bowo lotakata kuti ndodo ilowe m'kati. Waya wa efi wa makina owotcherera ndinamangirira pa nati yomweyo kudzera pa vaisigiripi, osati pa bodi kapena pa injini, chifukwa moto ukadutsa m'maberingi a giyabokosi pofunafuna njira umasiya timabala tomwe mudzamve kulira kwake patapita miyezi.

Ndinawotcherera m'kati mwa nati pang'onopang'ono, kudonthetsa, kuleka, kudonthetsanso, kanayi kapena kasanu, osati kungokhalitsa moto malo amodzi. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660 ndipo sasintha mtundu kuti akuchenjeze ngati chitsulo chimene chimayamba chafiira kaye, amangogwa basi. Kutenthako kunali ndi phindu lakenso, guluu yemwe analowa m'mazinga anafewa, komanso aluminiyamu amafufuma pafupifupi kawiri kuposa chitsulo akatenthedwa, nde bowo limamasuka pang'ono. Ndinadikira mphindi zingapo kuti chowotchereracho chigwire, n'kuika soketi ya makona 6 ndi ndodo yaifupi, kukokera kumanzere mofatsa. Panamveka ka "tche", n'kuyenda. Mnyamata anakuwa kuti "yatheka bwana!" beseni lili kale m'manja.

Siinatheke. Inazungulira kamodzi, kawiri, katatu, yofewa ngati chitsekerero cha botolo, koma osatuluka ngakhale milimita imodzi, oyilo wakuda akungochucha pang'ono m'mbali. Apa mpamene ndinadziwa kuti zaka zitatu zonsezi galimotoyi imayenda ndi guluu ndi tepi, mazinga analibemo. Ndipo apa anthu ambiri amalakwitsa poganiza kuti akapitiriza kuzungulitsa igwira penapake, pomwe kuzungulira kulikonse kukungopera zotsala zija n'kumagwetsera zinyenyeswa m'kati. Pulagi yotere imafuna kuikokera kunja uku ukuzungulitsa, kuti mazinga ake akwere pa kalikonse komwe katsala m'bowo.

Ndinalowetsa nsonga ya sikuludiraiva yafulati pansi pa mutu, pa mpata womwe washala inasiya, n'kumakanyula mofatsa mnyamata akuzungulitsa ndi soketi. Apa ndiulule kulakwa kwanga chifukwa kunadzandidya tsiku lathunthu kutsogoloku: ulendo woyamba sindinaike kanthu pakati pa sikuludiraiva ndi kesi, ndinali ndatopa komanso ndikuthamangira kuti mdima usatipeze, nde nsonga inaterereka n'kukanda pankhope pomwe washala imakhala. Ndinamva m'dzanja kuti yakanda, koma ndinadzinamiza kuti n'kochepa. Kenako mpamene ndinathyola kachidutswa ka buledi ya hakiso yakutha n'kukagoneka pa kesi kuti sikuludiraiva izitsamira pamenepo, inanso mbali inayo kuti pulagi isapendame. Kota ya kuzungulira, kukanyula, kota ina, kukanyula. Patapita kanthawi mpata unayamba kukula, buledi imodzi inasanduka ziwiri, kenako washala yokhuthala yodulidwa pakati, mpaka ndinamva yagwira n'kuyamba kubwera yokha. Inatuluka mwadzidzidzi oyilo n'kunditsikira m'dzanja la ovolosi mpaka kukhwapa.

Nditaipukuta n'kupita nayo pa kuwala, mazinga a kesi onse anali atakulungika pa pulagi ngati kasipuling'i kotuwa, ndinawachotsa ndi chikhadabo n'kuwaika pa chikhatho cha madala aja kuti aone okha. Pa maginito panali chiphala chakuda ngati ubweya wa mphaka wonyowa, chimenecho pa Mini sichidabwitsa chifukwa magiya amadyana tsiku ndi tsiku, chomwe ndimafunafuna chinali tizidutswa tokhala ndi nsonga, ta dzino la giya kapena ta beringi. Ndinafikisa chiphalacho pakati pa zala, ndinapeza timiyala tiwiri ting'onoting'ono ngati mchenga basi. Pa zaka zitatu osasintha oyilo, giyabokosi imeneyi ili ndi moyo. Tinaisiya usiku wonse ikukha, mbali yakumanzere titaikweza pang'ono kuti zonse zitsetserekere kubowo.

Lachiwiri m'mawa ndinayeza bowo. Linali losalala ngati m'kati mwa paipi, koma mwayi wake linali lozungulira bwino ndipo nditapukuta n'kuyang'ana ndi galasi lokuzira sindinaone mng'alu kuzungulira khosi. Njira zinalipo zingapo ndipo ndinazikana zambiri. Pali mapulagi aja osongoka omwe amadzidulira okha mazinga ukamamanga, amagwira inde tsiku loyamba, koma amagwira pokankha aluminiyamu kunja ngati mphero yowazira nkhuni, ndipo pa kesi ya Mini amadziwika kuti amaing'alula. Kuboola n'kudula mazinga aakulu a mamilimita kumatheka, koma ndiye kuti pulagi yeniyeni ya maginito siidzalowanso mpaka kalekale, ndipo pa galimoto yomwe magiya ake amasamba m'oyilo wa injini maginito amenewo si chokongoletsera. Ndinasankha Helicoil ya 5/8 UNC, waya wa stainless wopindidwa ngati sipuling'i yemwe amalowa m'mazinga atsopano okulirapo pang'ono, m'kati mwake n'kubwezeretsa saizi yakale yeniyeni. Akaikidwa bwino amalimba kuposa mazinga oyamba aja, chifukwa pulagi imakhala ikukhuzana ndi chitsulo chinzake.

Vuto linali kupeza kiti yake. Mashopu omwe ndinayenda m'tauni ndi ku Limbe anali ndi za mamilimita zokhazokha, M12, M14, ena ankangondiyang'ana ndikati UNC. Amene anandipulumutsa ndi mkulu wina ku Thyolo yemwe moyo wake wonse wakhala akukonza mathirakitala akale a Massey Ferguson m'maesiteti a tiyi, paja mathirakitala amenewo mabawuti ake ndi a mainchi. Anali nayo m'kabokosi kachitsulo, tapu yodulira mazinga, biti yoboolera ya 21/32, chida cholowetsera ndi mawaya atatu otsala, anandibwereka atandilumbiritsa kuti tapu ikathyoka ndisadzapondenso pakhomo pake. Tsiku lonse linathera pa minibasi.

Ndili konko ndinali nditatuma mnyamata kukasaka pulagi ina popeza yakale ija inali ndi nati pamutu komanso maginito ake anali atafooka ndi moto. Anabwera akumwetulira ndi pulagi yatsopano ya M16, akuti wogulitsa wamutsimikizira kuti ndi yomweyo. Kuyang'ana ndi maso imafananadi, 5/8 ndi 15.9 mm pomwe inayo ndi 16. Ndinamuuza kuti azigundanitse ziwirizo mazinga kwa mazinga n'kuziloza ku dzuwa. Mazinga awiri oyamba anakhala ngati akulowana, kuyambira lachitatu kuwala kunayamba kudutsa pakati. Ya UNC mazinga ake amatalikirana 2.3 mm, yake ija 1.5 mm, nde ikanalowa kamodzi ndi theka n'kuyamba kulimba, munthu wosadziwa n'kumati ikumanga. Ndinamuuza kuti "iwe, ukadzaona bawuti ikulimba isanafike pansi usadzatenge sipanala, udzatenge maso." Pulagi yeniyeni tinaitanitsa kudzera kwa mphwawo wa madala aja yemwe ali ku Johannesburg, koma singakanafika Loweruka lisanakwane, nde ndinagula bawuti wamba ya 5/8 UNC, mnzanga wa lefu, makina osemera zitsulo, anaidula kufupika n'kuisalaza pansi pa mutu kuti washala ikhale bwino.

Lachitatu ndi limene linali tsiku la ntchito yeniyeni, ndipo kwa ine apa mpomwe pali nkhani yonse, kuposa kuchotsa kuja. Bowo latsopano likangopendama pang'ono, mutu wa pulagi umafinya washala mbali imodzi, mbali inayo oyilo n'kumadutsa, ndipo palibe mphamvu yomwe ingatseke pamenepo. Uli chagada pansi pa galimoto yamatayala a mainchi 10, maso sangakuuze kuti waongoka. Nde mnzanga wa lefu yemwe uja anandipangira kachitsulo kozungulira, kokhuthala, kosalala pansi, kamodzi ka bowo la saizi ya biti kena ka saizi ya tapu, koti ndikakakanikiza pa nkhope ya kesi kaziwongolera chida. Tinachotsa tayala lakumanja kuti ndipeze mpata wa manja.

Dirilo yamagetsi sindinaigwiritse ntchito. Bowo linali kale pafupifupi 15.9 mm ndipo biti ya 21/32 ndi 16.7 mm, chochotsa n'chochepa kwambiri, ndipo biti yaikulu chonchi ikagwira mu aluminiyamu pa liwiro imadzikoka yokha n'kulowa m'kati momwe muli magiya. Ndinaimanga pa chogwirira tapu n'kumazungulitsa ndi manja, nditakulunga tepi pa biti posonyeza polekezera, kuya kwake ndinali nditayeza ndi kawaya kopinda nsonga. M'mizere ya biti ndinadzaza girizi kuti zinyenyeswa zizimatirira m'malo mogwera m'kati. Tapu chimodzimodzi, girizi wodzaza, kulowa kamodzi, kubwerera theka, ndipo ndikazungulitsa kawiri ndimaitulutsa yonse, kupukuta, kupaka girizi wina, n'kuyambiranso. Ndinaitulutsa kasanu ndi kawiri kapena kuposa. Mnyamata anatopa n'kundiyang'ana mpaka anayamba kusewera ndi foni, koma nsanza yomwe ndimapukutira inali ikunyezimira ndi tialuminiyamu tomwe tikanakathera m'pampu ya oyilo.

Kenako kutsuka. Ndinakolopa m'bowo ndi kansalu kokulungidwa pa waya, n'kuthira parafini malita awiri pamwamba pomwe timathirira oyilo, galimoto itapendamira kumanja, kuti atsike n'kutulukira pabowo. Injini osailiza ayi. Tinamusefa pa nsalu yoyera, ulendo woyamba panali tonyezimira, wachiwiri tochepa, wachitatu palibe, n'kutsirizira ndi lita imodzi ya oyilo wotchipa kuti akankhe parafini wotsala. Mazinga atsopano ndinawatsuka ndi sipuleyi ya mabuleki mpaka kuuma.

Waya wa Helicoil analowa mosavuta, ndinamusiya atamira pafupifupi theka la zinga pansi pa nkhope. Chovuta ndi kamchira kaja kamakhala kunsonga komwe chida chimakokera, kamayenera kuthyoledwa. Malangizo amati ukagogode ndi kachitsulo kagwe, koma apa kakagwa kagwera m'giyabokosi, ndipo stainless maginito samugwira bwino nde musadalire kuti pulagi idzakatola. Ndinakamangirira ulusi wopha nsomba ndisanalowetse, kenako n'kukagwira ndi pulayala yamlomo wautali, kukagwedeza mkati ndi kunja, osati mozungulira, mpaka kanathyokera pa kamzere kake. Kanatuluka kali pa ulusi, ndinakaika m'thumba la malaya kuti madala akaone. Bawuti ija inalowa ndi zala zokha kuyambira poyamba mpaka pansi. Washala yatsopano yakopa ndinaiotcha kaye mpaka kufiira n'kuiponya m'madzi kuti ifewe, kumanga ndi tokirenchi pa 34 Nm, fyuluta yatsopano yapepala ndi rabala yake, oyilo wa 20W50 malita 4.8. Tinailiza, nyali ya oyilo inazima msanga, tinaizungulitsa mpaka kutentha, pansi pouma. Ndinayala katoni yoyera pansi pake n'kupita kunyumba ndikuimba mluzu.

Lachinayi m'mawa pa katoni panali dontho lalikulu ngati ndalama ya K10, pansi penipeni pa pulagi. Mini yakale kudontha n'chikhalidwe chake, imatha kudontha pa silo ya magiya, pa masilo a mashafuti, pa kava ya pamwamba, ndipo oyilo amatsetsereka n'kukalendewera pamalo otsikitsitsa n'kumanamizira pulagi yosalakwa. Nde ndinapukuta paliponse, n'kuwaza ufa woyera wa nsima kuzungulira pulagi ndi pamwamba pake, kuiliza mphindi khumi, kudikira. Ufa wapamwamba unakhala woyera, koma pansi pa washala, mbali yomwe sikuludiraiva inaterereka Lolemba, panatuluka kamzere kachikasu. Mnyamata anatenga kale sipanala kuti awonjezere pang'ono, ndinamulanda.

Tinakhuthulira oyilo watsopano uja m'chigubu choyera. Kukanda kuja kunali kakang'ono moti ndi maso sumakaona bwino, koma chikhadabo chimakodwa, ndipo kanadutsa nkhope yonse kuchokera m'kati kufika kunja, ngalande yeniyeni. Tupa sindikanayerekeza, dzanja silingasunge fulati pamenepo. Ndinatenga washala yachitsulo yokhuthala yosalazidwa pa lefu, ndinamata sandipepa wosalala mbali imodzi n'kuboola pakati, kenako n'kuilowetsa pa bawuti yaitali ya 5/8 yomwe ndinaimanga m'bowo kuti ikhale ngati msana wowongolera. Ndinatseka kukamwa kwa bowo ndi girizi, n'kumazungulitsa washalayo ndi zala nditadonthezera oyilo, kupaka inki ya maka pa nkhope, kuzungulitsanso, kuona pomwe inki yatsala. Poyamba kamzere kakuda kankatsala pa ngalande paja, patapita ngati theka la ola inki yonse inkachoka mofanana. Kupukuta, washala ina yatsopano yowotcha, 34 Nm yomweyo osawonjezera, oyilo kubwezera kudzera pa nsalu. Katoni ya Lachisanu m'mawa inali ndi kadontho kamodzi chakumbuyo, pansi pa silo ya magiya, ufa wa pa pulagi uli mbee.

Madala anabwera masana atavala kale jekete, ndinawapatsa kapepala momwe ndinakulungamo pulagi yakale ndi nati yake, kasipuling'i ka mazinga ndi kamchira kaja. Ndinawauza za kukanda kuja kuti kunali kwanga ndipo tsiku la Lachinayi sindinawawerengere. Ndinawagulitsanso soketi yanga ya 15/16 ya makona 6 kuti izikhala m'galimoto momwemo pamodzi ndi mawashala anayi, aliyense wofuna kukhudza pulagiyo azigwiritsa ntchito imeneyo. Loweruka mkwatibwi anakwera, ngakhale ndinamva kuti diresi inavuta kulowa pakhomo.

Pulagi ya ku Johannesburg inafika patatha masabata atatu, ndipo ndinawaitana atayenda makilomita ngati 500 kuti titayenso oyilo ameneyo chifukwa anayenda opanda maginito komanso amatsuka matope a zaka zitatu. Anatuluka wakuda msanga monga ndimayembekezera, pa nsalu panalibe chonyezimira. Bawuti inamasuka ndi dzanja limodzi, waya anali pamalo pake osasuntha, pulagi yatsopano inalowa ndi zala mpaka pa washala. Ndinawalangiza kuti azisintha oyilo makilomita 5000 aliwonse kapena kamodzi pachaka ngakhale isayende kwambiri. Poiyesa pamsewu ndinamva giya yachiwiri ikukhukhuluza ukamatsika kuchoka pa yachitatu mothamanga, tagwirizana kuti tidzaone zomwe maginito adzatole pa sevisi ikubwerayi tisanaganize zotsitsa injini.